Likoma, Chelinda kapena Mvuu: bwalo laling'ono lokoma kuterapo ndi liti?

Wophunzira172
Moni akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu amene mumauluka ndi tindege ting'onoting'ono, ma Cessna 172, 182, 206 ndi tina totero. Tikachotsapo KIA (Kamuzu International Airport ku Lilongwe) ndi Chileka, bwalo limene mumalikonda kwambiri kuno kwathu ndi liti? Nanga munthu amene wangolandira kumene PPL, chiphaso choulutsira ndege mosachita nayo malonda, ayambire pati? Chonde musangotchula dzina la malo, mutiuzenso zofunika kusamala.

NkhwaziYaKuNyanja
Likoma, achimwene. Kuchokera ku KIA ndi mtunda wa ma nautical miles pafupifupi 117 (imodzi ndi makilomita 1.85), ola limodzi ndi mphindi zochepa pa 172. Mumadutsa minda ya ku Dowa, phiri la Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, kenako mtunda umangotha, kutsogolo n'kutsala madzi okhaokha ndi mapiri a ku Mozambique. Mukamayandikira, Chizumulu chimakhala kumanzere, ndiye mumayamba kuona malambe a pachilumba ndi denga la tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903. Mukanyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndege siigwedezeka n'komwe, ndipo m'mphepete mwa chilumba miyala ya pansi pa madzi imaonekera.

Runway ndi yaphula, yopitirira pang'ono kilomita imodzi, yoloza kumpoto ndi kumwera. Ili pafupifupi mafiti 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho injini siivutika kupuma. Chovuta ndi mwera, kuyambira May mpaka August. Umachokera kumwera chakum'mawa, ndiye mukamatera moloza kumwera umakukankhani kuchokera kumanzere. Kawerengedwe kachangu ndi aka: mphepo ikapatuka pa runway ndi madigiri 30, theka lake ndi yam'mbali, madigiri 45, magawo atatu mwa anayi, madigiri 60 kapena kuposa, itengeni yonse ngati yam'mbali. Mwera wa ma knots 20 (ma nautical miles 20 pa ola) wopatuka ndi madigiri 45 ndiye kuti muli ndi ma knots 15 am'mbali, ndipo pamenepo ndi pamene Cessna anaiyesera 172. Kwa munthu watsopano imeneyo ndi mphepo yoti abwerere nayo.

MlangiziWakale
A Nkhwazi mwafotokoza kukongola, koma madzi mwawadumpha. Njira yolunjikayo imachoka pamtunda cha ku Nkhotakota, ndipo kuchokera pamenepo mpaka Likoma ndi ma nautical miles opitirira 50 pamwamba pa nyanja, ndi injini imodzi. 172 ikazima injini imayenda pafupifupi 1.5 nautical miles pa mafiti 1,000 aliwonse amene ikutsika, pa liwiro la ma knots 65 mpaka 68 malinga ndi mtundu wake. Mukakhala pa mafiti 9,500, ndipo nyanja ili pa 1,550, muli ndi mafiti osakwana 8,000 m'manja. Amenewo ndi ma nautical miles 12, mphepo itakhala chete. Pakati pa nyanja palibe gombe limene mungalifike.

Njira yochepetsera vuto ndi kutsata gombe mpaka cha ku Chintheche n'kuwolokera pamenepo, pomwe madzi ndi ma nautical miles pafupifupi 35. Ulendo umatalika ndi mphindi zingapo, koma nthawi imene mumakhala kutali ndi mtunda imachepa kwambiri. Kwerani mpaka pamwamba musanachoke pagombe, osati mukukwera muli kale pamadzi. Popita kum'mawa pa VFR (kuuluka moona kunja ndi maso) ndi mafiti 7,500 kapena 9,500, pobwerera 6,500 kapena 8,500.

Ma life jacket avalidwe ndege isananyamuke. Jekete lili kumbuyo pansi pa zikwama silipulumutsa munthu. Ndipo okwera auzidwe momveka kuti chingwe chake amakoka atatuluka mu ndege, chifukwa likafufuma m'kati munthu amakanirira pakhomo. Ndege za matayala osapindika zikagwera pamadzi zimatha kugudubuka chadodolido, n'chifukwa chake zitseko mumazitsegula pang'ono musanakhudze madzi.

NkhwaziYaKuNyanja
Palibe chotsutsa apo aphunzitsi. Ndiwonjezere kuti kum'mawa kwa chilumbacho gombe la Mozambique lili pafupi kwambiri. Circuit yanu, kuzungulira bwalo pokonzekera kutera, isatambalale mpaka kukalowa kwa eni popanda chilolezo.

Kaputeni206
Likoma ndi yabwino, koma ndi bwalo loti aliyense wodziwa kutera angatere. Bwalo lenileni ndi Chelinda pa Nyika. Mumauluka pamwamba pa zitunda zaudzu zotsetsereka mbali zonse, mbidzi, zilembwe ndi ntchefu zili pansipo, ndipo kukakhala kopanda utsi mumaona nyanja kum'mawa ndi Zambia kumadzulo nthawi imodzi. Mu January ndi February maluwa amachita kudzaza m'madambo. Kulibe malo ena otero m'Malawi muno.

Wophunzira172
Kaputeni, 172 ingafike kumeneko?

Kaputeni206
Kufika ifika. Nkhani ndi kuchokako kkkk. Aphunzitsi apereke masamu.

MlangiziWakale
Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa pa Chelinda pamakhululukira zochepa.

Bwaloli lili pamtunda wa mafiti opitirira 7,700. Kutentha kumene buku la ndege limayembekezera pamalo otero ndi madigiri 15 kuchotsapo 2 pa mafiti 1,000 aliwonse, kutanthauza pafupifupi 0. Tsono tinene kuti ndi masana a October, kunja kuli madigiri 22. Kusiyana kwake ndi 22. Chulukitsani ndi mafiti 120, mupeza 2,640. Phatikizani ndi 7,700. Density altitude yanu, kutalika kumene ndege ikumva chifukwa cha kupepuka kwa mpweya, yapitirira mafiti 10,300. Matayala ali pa udzu wa pa Nyika, koma injini, pulopela ndi mapiko zikugwira ntchito mu mpweya wa pa 10,300.

Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mafiti 1,000 aliwonse. Ya 160 horsepower yatsala ndi 110 kapena kupitirira pang'ono. Pulopela nayo ikuluma mpweya wopepuka, mapiko akufuna liwiro lalikulu pansi kuti anyamule. Ndege imene ku Likoma imakwera mafiti 600 kapena 700 pa mphindi, kuno ikadzaza imakwera pafupifupi 300, mwinanso kuchepera. Mphepo yotsika kuseri kwa chitunda ikangofika mafiti 500 pa mphindi, mukutsika ngakhale throttle, chopatsira injini moto, ili kumapeto.

Zochita zake. Choyamba, mixture, chosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya. Buku la 172 limanena kuti pamwamba pa mafiti 3,000 muchepetse mafuta musananyamuke: gwirani mabuleki, throttle yonse, kokani mixture pang'onopang'ono mpaka RPM ifike pamwamba penipeni, ndiye mubwezereko pang'ono. Kunyamuka ndi full rich (mafuta osachepetsa) pa Chelinda ndi kutsamwitsa injini ndi mafuta, komanso ma plug amada. Chachiwiri, tengani mtunda wa m'buku wodumphira chotchinga cha mafiti 50, n'kuuwonjezera. Tiyerekeze kuti buku lakupatsani mamita 900. Udzu wouma, chulukitsani ndi 1.2, akhala 1,080. Udzu wonyowa ndi mame ndi 1.3. Chitunda cha 2 peresenti, onjezerani 10 peresenti ina. Pomaliza chulukitsani ndi 1.33, chifukwa manambala a m'bukumo anawapeza ndi ndege yatsopano ndi katswiri woyesa ndege. Pa udzu wouma wopanda chitunda, mamita 900 aja asanduka 1,436. Kenako yendani wapansi pa runway yonse, muone ngati mamitawo alipo, ndipo muike chizindikiro pakati. Mukafika pakatipo musanapeze 70 peresenti ya liwiro lonyamukira, pa 172 ndi ma knots 40 kapena apo, tsekani throttle muime. Osakambirana nayo ndege.

Flaps, timapiko totsitsa kumbuyo kwa phiko, madigiri 10 basi. Ena amaganiza kuti akaika 20 kapena 30 ndege inyamuka msanga. Inde imadzuka, koma imangoyandama pafupi ndi nthaka osakwera. Ikadzuka, tsitsani mphuno pang'ono, iyende pafupi ndi udzu mpaka liwiro likwane, ndiye mukwere.

Kaputeni206
Ndi poterapo pomwe anthu amanyengeka. Pa density altitude ya 10,000 liwiro lenileni limaposa la pa geji ndi pafupifupi 16 peresenti. Geji ikuti 60, nthaka ikuthamanga ngati 70. Maso amakuuzani kuti mwathamangitsa, dzanja n'kukoka, ndege n'kuchita stall (mapiko kuleka kunyamula) pafupi ndi nthaka. Tsatirani geji. Nambala yoterera ndi yomwe ija ya ku Chileka, kungoti mudya runway yambiri, ndipo kona iliyonse imatambalala kuposa mmene munazolowerera. Circuit ya pa Chelinda mumaiuluka pa mafiti pafupifupi 8,700, pamene nsonga ya Nganda, kumpoto kwa chitundachi, ili pa mamita opitirira 2,600, kutanthauza mafiti opitirira 8,500. Werengani mapu musanapite.

Zonyamukira ndi m'mawa, isanakwane 9 koloko. Koma mu June ndi July usiku kumagwa chisanu choundana pamapiko. Chichotsedwe chonse, ngakhale chopyapyala chooneka ngati mchere, chifukwa chimasokoneza kayendedwe ka mpweya paphiko. Tembenuzirani ndege kudzuwa mudikire, musamachikande ndi chitsulo.

Mwera14
Mafuta nanga? Palibe amene wanena.

MakanikoPaHangara
Ndimadikira kuti wina afunse. KIA mpaka Chelinda ndi ma nautical miles pafupifupi 195, maola awiri osakwana pang'ono pa 172. Kupita ndi kubwera, kuphatikiza kukwera, ndi maola anayi kapena kuyandikira. 172N ya matanki wamba imanyamula malita 151 ogwiritsika ntchito, ndipo imamwa malita 30 mpaka 34 pa ola. Gawani nokha: maola anayi ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Mukachotsa mphindi 45 zosungira, palibe chotsala, ndipo mwera pobwerera uli kumaso. 172S ili ndi malita 200, imeneyo ikwanitsa, koma lita imodzi ya avgas, mafuta a ndege za pisitoni, imalemera 0.72 kg, ndiye matanki odzaza ndi 144 kg. Pa ndege imene katundu yense wololedwa ndi pafupifupi 400 kg, kwatsala 250. Akuluakulu atatu opanda zikwama. Kukhala ndi mipando inayi sikutanthauza kuti anthu anayi akwera.

Avgas musamayembekezere kuipeza pa mabwalo ang'onoang'ono. Imbani foni musananyamuke, ndipo mufunse kuti "ilipo lero?", osati "mumagulitsa?". Ngati mukuthira ya m'mgolo, nazi zofunika. Mgolo wa malita 200 uzisungidwa chogona kapena chopendeketsa kuti madzi amvula asadikhe pachivindikiro, chifukwa ukatentha masana n'kuzizira usiku umayamwa madziwo kudzera pa ulusi wa chivindikiro. Mukauimika, usiyeni ukhazikike ola limodzi kapena kuposa. Paipi ya pampu isafike pansi penipeni, musiye masentimita 10. Lumikizani mgolo, fanelo ndi ndege ndi waya musanatsegule thanki. Nyengo youma ya September kamoto kakang'ono kochokera pa pulasitiki n'kokwana kuyatsa zonse. Sefani ndi fanelo yolekanitsa madzi. Mukatha, dikirani mphindi 15, ndiye mukhetse mafuta pang'ono m'kabotolo pa ma drain onse.

Avgas 100LL ndi yabuluu. Madzi amakhala pansi pa kabotolo ngati timikanda. Chenjerani ndi kabotolo koyera konse, kangathe kukhala madzi okhaokha, nunkhizani. Mukakayikira kuti wina anasakaniza ndi Jet A-1, mafuta a ndege za jeti, dontheza papepala loyera. Avgas imauma osasiya kanthu, Jet A-1 imasiya banga lamafuta. Injini ya pisitoni ikamwa zosakanizazo imalira bwinobwino poyamba, imadzafa mukukwera.

Wophunzira172
Petulo wa galimoto sangathandize munthu atasowa?

MakanikoPaHangara
Ayi, mwana wanga. Petulo wa pa filling station kuno amasakaniza ndi ethanol. Ethanol amayamwa madzi, amadya mapaipi a labala ndi ma seal, ndipo amaphwera msanga m'mapaipi kukatentha kapena mukakwera, mafuta n'kuleka kuyenda. Injini za Rotax zina zimalola pang'ono, koma Lycoming kapena Continental yopanda chikalata chololeza, musayese. Gonani komweko mudikire mgolo.

MayiWaZanyengo
Mwakamba za mabwalo, ine ndikambe za pakati pake, chifukwa n'kumene anthu amathera.

Njira yolunjika yochokera ku Lilongwe kupita ku Nyika kapena ku Mzuzu imadutsa mapiri a Viphya. Nthawi ya mwera, chinyezi chochokera kunyanja chimakwera phiri n'kusanduka mtambo wogona pamitengo. Lilongwe kuli dzuwa, Kasungu kuli dzuwa, koma Chikangawa ndi Mzuzu kwatsekeka. Tonse tikukumbukira 10 June 2024, pamene Dornier 228 ya asilikali yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa ku Chikangawa kuli mitambo ndi chifunga, n'kupha anthu onse 9, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima. Imeneyo inali ndege ya injini ziwiri. Mtambo ukamakutsitsani ndipo nthaka ikukwera, tembenukani mukadaona kumene mwachokera. Dziikireni malire muli pansi, mwachitsanzo kuti mpata pakati pa mtambo ndi nsonga ukachepera mafiti 1,000 mukubwerera, chifukwa mukakhala m'mwamba mtima umakunamizani kuti kutsogoloko kuyera.

Kumwera kuli chiperoni. Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba zimatha kukutidwa ndi mvula yamawawa masiku awiri kapena atatu, ndiye amene akubwerera ku Chileka akhale ndi bwalo lina m'maganizo ndi mafuta okafikira.

Kuyambira August mpaka mvula yoyamba vuto ndi utsi wa moto wa m'tchire. Pansi mumaona bwinobwino mukayang'ana chotsika, koma kutsogolo malire a dziko ndi thambo amasowa. Pamwamba pa nyanja ndiye zoopsa, madzi ndi thambo zimangofanana, munthu amapendeketsa ndege osadziwa. Amene sanaphunzire kuuluka ndi mageji asawoloke kupita ku Likoma tsiku lotero.

Dzinja, pamtunda mabingu amayamba masana, ndiye ulendo uthe isanakwane 12. Koma panyanja zimasinthana: mitambo yamabingu imakonda kumanga usiku ndi m'bandakucha, n'kumatha dzuwa likakwera. Mtambo waukulu muupatuke ndi ma nautical miles 20, osadutsa pansi pake ngakhale mukuona kuwala mbali inayo.

NkhwaziYaKuNyanja
Amayi, musaiwale nkhungu za m'nyanja, tizilombo touluka tija.

MayiWaZanyengo
Zoona. Mwezi ukakhala watsopano zimatuluka m'madzi n'kuima ngati utsi, makamaka chakumpoto kwa nyanja. Zizungulireni. Zimaphimba galasi, zimatseka sefa ya mpweya.

MakanikoPaHangara
Ndipo pa chinyezi cha kunyanjacho, eni ma 172 a kabuleta asanyozere carb ice, ayezi woundana mu kabuleta, poti kunja kukutentha. Mu kabuleta mpweya umazizira ndi madigiri 20 kapena kuposa, choncho pa madigiri 25 kunja ayezi amaundana, makamaka throttle ikachepetsedwa potsika. Chizindikiro ndi RPM kutsika yokha pang'onopang'ono. Kokani carb heat (chotenthetsera kabuleta) yonse, osati theka. Injini itsokomola kaye pomeza madzi osungunukawo. Musabwezere, dikirani masekondi 20 mpaka 30 RPM ikwere.

Mwera14
Ine voti yanga ndi Mvuu ku Liwonde. Kuchokera ku Chileka mumangotsata Shire, simungasochere. Mvuu zili m'madzi magulumagulu, njovu m'mabango, migwalangwa m'mbali mwa mtsinje, Nyanja ya Malombe kutsogolo. Kwa ine ndi pamene munthu umamvetsa chifukwa chimene unaphunzirira kuuluka. Potera, dutsani kaye chapansipansi kuti muthamangitse nswala ndi njiri, kenako zungulirani mutere.

MlangiziWakale
Chapansipansi chake mpaka pati? Apa ndi pamene sindigwirizana ndi ambiri. Kudutsa pa mafiti 20 kapena 30 kuti muopseze nyama kuli ndi mavuto awiri. Nswala zimabalalika n'kubwereranso pa udzu waufupi womwewo inu musanamalize circuit. Ndiponso pa mtunda umenewo maso anu ali pa nyama, osati pa mitengo ya kumapeto kapena pa miimba ndi adokowe.

Njira yabwino ndi iyi. Chilolezo choyamba, chifukwa pakiyi ikuyendetsedwa ndi African Parks kuyambira 2015 ndipo munthu sungangotulukira. Auzeni nthawi yofikira kuti galimoto iyendere runway. Fikani pamwamba pa mafiti 1,500 kuchokera pansi, muone windsock (kathumba kosonyeza mphepo), kapena utsi ndi mafunde a pamtsinje ngati windsock yang'ambika. Kenako dutsani kamodzi pa mafiti 200 mpaka 300, flaps 10 kapena 20, ma knots 70 mpaka 75, runway ili kumanzere kwanu pang'ono kuti muione bwino pawindo. Mukuyang'ana maenje a njiri, zulu zatsopano za chiswe, ndowe za njovu, mikwingwirima ya matayala ndi mabanga akuda osonyeza kunyowa. Potera dzanja likhale pa throttle. Nyama ikatulukira musanagunde pansi: throttle yonse, carb heat mkati, flaps kubwerera pa 20 nthawi yomweyo, zotsalazo pang'onopang'ono liwiro likakwana. Ikatulukira mutatera kale ndipo liwiro latsika, gwirani mabuleki molunjika. Kukhotera njiri pa ma knots 40 kumagwetsa ndege chammbali.

Mwera14
Nanga kumene kulibe galimoto yoyendera? Mabwalo ambiri akumidzi ndi mbuzi, ng'ombe, ana ndi njira ya njinga yodutsa pakati.

MlangiziWakale
Kumeneko kudutsa kwachiwiri kuli ndi ntchito, ndikuvomera, anthu amve kuti ndege ikufuna kutera. Koma osatsika pansi pa nsonga za mitengo. Ndipo mukangoima zimitsani injini msanga, ana amathamangira kutsogolo kumene kuli pulopela.

Kaputeni206
Dzinja funsani za makande. M'chigwa cha Shire ndi m'madambo dothi lakudali limauma pamwamba, pansi lili phala. Munthu wapansi akuuzani kuti "pauma" poti iye wayendapo. Muuzeni ayendetse galimoto pa liwiro la makilomita 60 kapena 70 pa ola runway yonse, agwire mabuleki mwamphamvu malo angapo. Matayala akasiya ngalande yozama kuposa chala, dikirani tsiku lina. Pa nthaka yofewa chiwongolero chikhale kumimba nthawi yonse kuti tayala lakutsogolo lipepuke, ndipo musaime pokhota.

MakanikoPaHangara
Za kugoneka ndege kutchire. Afisi amatafuna matayala ndi mapaipi a mabuleki, si nthano. Zungulizani matayala ndi nthambi zaminga, kapena pakhale mlonda. Pitot cover, chovindikira kapaipi ka geji ya liwiro, ivalidwe ngakhale mwangoima ola limodzi; mavu omanga ndi dothi amatseka kabowoko msanga, ndipo mumadzazindikira mukuthamanga kale geji ya liwiro ili pa 0. N'chifukwa chake timati muziyang'ana geji ikudzuka musanafike pakati pa runway. Yang'ananinso kabowo kopumira thanki, kakatsekeka mafuta amaleka kutsika mutauluka kale. M'mawa suzumirani mu cowling, mbalame zimamanga chisa pa masilinda usiku umodzi.

Pa miyala musachite run-up (kuyesa injini mokweza moto) mutaima. Pulopela imayamwa timiyala n'kudzitema, ndipo kachilonda kakang'ono pampeni ndi pamene mng'alu umayambira. Sesani malo oimikapo, kapena yesani ma magneto ndege ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo throttle muziikankha mofatsa. Mu ndege musasowe zingwe ndi zikhomo zomangira, chubu, pampu, oyilo malita awiri, ma plug awiri ndi sipanala yake, ndi madzi akumwa malita atatu pa munthu aliyense.

A 206 ndi a 172S, injini zanu za injection zikatentha zimavuta kulizanso chifukwa mafuta amawira m'mapaipi a pamwamba pa injini. Imikani moyang'ana mphepo, tsegulani ma cowl flaps ngati alipo ndi kachitseko ka oyilo, ndipo tsatirani hot start ya m'buku la injini yanuyo, chifukwa ya Continental ndi ya Lycoming n'zosiyana. Starter isapitirire masekondi 10 ulendo umodzi. Batire ikatha ku Mvuu palibe ngolo yodzakuthandizani.

ChigwaChaLuangwa
Anzathu a ku Malawi, musaiwale kuno. Mfuwe ili pa ma nautical miles pafupifupi 110 kuchokera ku KIA, ola limodzi. Runway yaphula, yaitali, immigration ndi customs zilipo. Mukangodutsa mapiri a kumpoto kwa Chipata dziko limatsika, Luangwa n'kuonekera ikukhotakhota ndi matamanda ake. Konzani flight plan, general declaration ndi chilolezo cha mbali ya Zambia musananyamuke, ndipo mutulukire pa bwalo lokhala ndi immigration. Mu October chigwachi chimafika madigiri 40. Bwalo lili pa mafiti 1,850, koma ndi masamu a aphunzitsi aja density altitude imadutsa 5,000, ndipo masana ndege imadumphadumpha mpaka okwera kusanza. Fikani isanakwane 10.

Wophunzira172
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Koma funso langa lachiwiri lija silinayankhidwe: woyamba ayambire pati?

MlangiziWakale
Club Makokola ku Mangochi. Kuchokera ku KIA kapena ku Chileka ndi ma nautical miles pafupifupi 85, mphindi 45 mpaka 50, ndiye mafuta opita ndi kubwerera si nkhani. Bwalo lili m'mphepete mwa nyanja, pa mafiti osakwana 1,600. Kuchokera ku Chileka muli ndi Shire ndi Malombe zokulondolerani, ndipo bwalo la ku Zomba ndi la asilikali, musaliwerengere ngati pokapumira. Kuchokera ku KIA mumatsika mapiri a pakati pa Dedza ndi Salima, ndipo mukafuna mungakhotere ku Cape Maclear muone zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo gombe lili pafupi. Imbirani eni bwalo, mufunse mmene pansi palili ndi ndalama yoterera.

Mukapitako kangapo, Mvuu ndi mlangizi pambali. Kenako Likoma kudzera ku Chintheche, mwezi wopanda mwera wamphamvu ndi utsi, monga April kapena kumayambiriro kwa May. Chelinda ikhale yomaliza, ulendo woyamba muli ndi munthu amene anaterapo, anthu awiri okha mu ndege.

NkhwaziYaKuNyanja
Likoma yachitatu? Aphunzitsi mwatichepetsa kkkk.

MayiWaZanyengo
Kulikonse kumene mungayambire, siyani flight plan ndi nthawi yoti ayambe kukufunani mukapanda kufika, ndipo mukatera muitseke pa foni. Pa Nyika netiweki ndi yosadalirika, gwirizanani pasadakhale kuti uthenga udzadutsa bwanji. Mabwalo a Makokola, Mvuu, Likoma ndi Chelinda alibe magetsi a usiku. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:25, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 25 kwada. Konzani zoti mufike kutatsala ola lathunthu.

Kaputeni206
Ndipo ma frequency ndi kutalika kwa ma runway mutenge mu AIP (buku la boma la za mabwalo a ndege) ndi ma NOTAM (zidziwitso za oulutsa ndege) a tsikulo, osati pa GPS yokha. Mabwalo ena amene GPS ikuonetsabe analimidwa chimanga kalekale.